Banki m'khonde ya mphindi zanu

Aliyense amene anasungapo K5,000 yathunthu m'thumba amadziwa kuti ndalamayo imakhala ndi mphamvu kufikira tsiku limene waisinthitsa. Ikangosinthidwa basi, yapita. Sikuti mwagula chinthu chooneka ayi. Mandasi awiri, mayunitsi a K500, kabaza pa mtunda womwe mukanayenda wapansi, kamulu ka tomato, mwana wa achemwali wapempha ya switi. Pofika madzulo mukupisa m'thumba n'kutulutsamo K200 yokha, ndipo wina atakufunsani kuti ina ija yapita kuti, mungachite chibwibwi. Simunaberedwe, simunamwere mowa. Yatha chifukwa inali pafupi ndi dzanja.

Amayi a banki m'khonde anaiona kale nkhani imeneyi, ndipo sanataye nthawi n'kulalikirana za kudziletsa. Anakagula bokosi lachitsulo. Dongosolo limene magulu ambiri amatsata linayambira ku Niger mu 1991 mothandizidwa ndi bungwe la CARE, kenaka linafalikira m'mayiko ambiri a mu Africa. Anthu apakati pa 15 ndi 25 amakumana sabata ndi sabata, aliyense n'kugula masheya monga mwa mphamvu zake, mlembi n'kulemba zonse m'buku. Ndalama zimene sizinabwerekedwe zimalowa m'bokosi la maloko atatu. Makiyi ake amasunga anthu atatu osiyana, ndipo bokosilo limakagona kwa munthu wachinayi yemwe alibe kiyi. Ndalamayo ndi yanu ndithu, koma simungaitenge usiku chifukwa choti mtima wafuna. Mudikira tsiku la msonkhano, mukanene pamaso pa anzanu chimene mukuifunira.

Mphindi za munthu wogwira ntchito kapena wophunzira pa kompyuta zimatha ngati K5,000 yosinthitsa ija. Wophunzira wakhala pansi 8 koloko m'mawa kuti alembe asayimenti. Asanamalize chiganizo chachiwiri, akuti angosuzumira pang'ono pa Facebook. Kuchoka apo akufuna aone zigoli za mpira wa dzulo pa YouTube, ndipo vidiyo ya zigoliyo itangotha, ina yayamba yokha. Pofika 11 koloko tsamba lake lili ndi mutu ndi dzina lake basi. Iyeyu si waulesi, ndipo mutamufunsa anganene moona mtima kuti m'mawa wonse sanachoke pa kompyuta. Palibe pamene anaganiza kuti lero awononge maola atatu. Anapita mwa apo ndi apo, mphindi zisanu pano, khumi uko.

Tisanamudzudzule, tivomereze kuti akulimbana ndi anthu amene anakonzekera. Mawebusaiti ambiri aulere amapeza ndalama potsatsa malonda, choncho mphindi iliyonse imene maso anu ali pamenepo ndi phindu kwa eni ake, ndipo amalemba ntchito akatswiri oti aonetsetse kuti simukuchoka msanga. Kale tsamba la pa intaneti linkakhala ndi pothera. Mukafika pansi munkayenera kudina kuti mupite tsamba lachiwiri, ndipo kamphindi kodinako kankakupatsani mpata wodzifunsa ngati mukufunadi kupitiriza. Mu 2006 Aza Raskin anakonza njira yoti tsamba lizingodzitalikitsa lokha munthu akamatsika, osafika pothera, ndipo chaka chomwecho Facebook inayambitsa News Feed. Patapita zaka Raskin ananena poyera kuti amanong'oneza bondo ndi mmene luso lakelo linagwiritsidwira ntchito. Gloria Mark wa ku University of California, Irvine, wakhala akuyeza kwa zaka pafupifupi 20 kuti anthu amakhala nthawi yaitali bwanji pa chinthu chimodzi pa sikirini asanalumphire china. Mu 2004 anapeza mphindi ziwiri ndi theka. Mu 2012 anapeza masekondi 75. M'zaka zaposachedwa chiwerengerocho chatsikira pa masekondi 47.

Pali zida zimene zinapangidwa kuti zichite pa nthawi ya munthu zomwe buku ndi bokosi zimachita pa ndalama, ndipo zambiri n'zaulere. Pulogalamu imene mumatsegulira mawebusaiti, kaya ndi Chrome, Firefox, Edge kapena Safari, ndiyo browser. Ma browser amalola kuti muwonjezeremo timapulogalamu ting'onoting'ono totchedwa ma extension, timene timakhala m'kati mwake n'kumaona zimene zikuchitika. Extension yowerengera nthawi siichita zozizwitsa. Imayang'ana tab imene ili patsogolo panu, n'kuwerenga dzina la webusaiti, n'kuyambitsa wotchi. Mukasamukira pa tab ina, wotchi yoyamba ija imaima, ya webusaiti yatsopanoyo n'kuyamba. Mukasiya kugwira mouse ndi keyboard kwa kanthawi, browser imatha kuiuza kuti munthu wachokapo, ndipo zambiri zimaleka kuwerenga mpaka mutabwerera. Imeneyi ndi ntchito ya mlembi wa gulu. Sakuletsani kanthu, amangolemba.

Buku lake n'lofunika chifukwa mutu wa munthu sudziwa kuwonkhetsa zinthu zing'onozing'ono zobwerezabwereza. Mu 2015 akatswiri a ku Britain, pakati pawo Sally Andrews ndi David Ellis, anaika pulogalamu yowerengera m'mafoni a achinyamata 23 kwa masabata awiri. Anapeza kuti munthu mmodzi ankagwira foni pafupifupi ka 85 patsiku, kuwirikiza kawiri pa zimene eni akewo ankaganiza. Gululo linali laling'ono, komabe zimene anapezazo sizingadabwitse msungichuma aliyense. Funsani membala kuti wagula masheya angati chiyambire Januwale, yankho lake silifanana ndi la m'buku.

N'chifukwa chake ndimalangiza kuti sabata yoyamba musatseke kalikonse. Ikani chowerengera chokha, muzigwira ntchito monga mwa masiku onse, Lamlungu mutsegule buku. Anthu ambiri amathamangira kutseka webusaiti imene amaichitira manyazi, pomwe imene ikuwadyera nthawi ndi ina yooneka yaulemu, monga ya nkhani, kapena imelo imene amaisuzumira mphindi khumi zilizonse. Powerenga bukulo musangoyang'ana maola okha. Yang'anani kuti mwatsegula kangati, ndiponso nthawi yanji. Ola limodzi lathunthu pa YouTube madzulo mutaweruka silivulaza ntchito. Koma ola lomwelo likaduliridwa m'tizidutswa 30 ta mphindi ziwiriziwiri n'kumwazidwa m'mawa wonse, ntchito yofuna kuganiza siingayende, chifukwa mukabwerera mumayamba mwafufuza kaye pomwe munasiyira, ndipo musanapapeze bwino mwachokanso.

Bukuli lili ndi pomwe limalekezera. Mlembi amalemba kuti mayi uje wabwereka K20,000, koma sadziwa ngati yakagula feteleza kapena yathera pa zina. Chowerengeranso chimangolemba kuti youtube.com, mphindi 90, osasiyanitsa phunziro la masamu ndi sewero lanthabwala. Kwa wogulitsa zovala pa Facebook ndi pa WhatsApp, maola amene amakhala pamenepo ndiwo sitolo yake. RescueTime, pulogalamu imene yakhalapo zaka zoposa 15, imayesa kugawa mawebusaiti m'magulu, a ntchito ndi osokoneza, koma mwini wakenu muyenera kukonza magawowo kuti agwirizane ndi ntchito yanu, apo ayi lipoti lake likusocheretsani. Komanso buku palokha silisunga ndalama. Ambiri amaona chiwerengero, n'kugwira pakamwa, sabata yotsatira n'kuchitanso chimodzimodzi.

Apa ndi pamene pamafunika bokosi. StayFocusd, extension yodziwika kwambiri pa Chrome, imakufunsani mayina a mawebusaiti amene amakusokonezani ndi mphindi zimene mukudzilola patsiku. Onsewo amadya pa mphindi zomwezo, ndipo zikatha amatsekeka mpaka mawa. LeechBlock, imene analemba James Anderson ndipo inayambira pa Firefox, imakulolani zambiri. Mutha kupanga magulu a mawebusaiti okwana 30, gulu lililonse ndi lamulo lake. Facebook ndi TikTok zitsekedwe kuyambira 8 koloko mpaka 12 koloko, Lolemba mpaka Lachisanu. Mawebusaiti a nkhani aloledwe mphindi 10 pa ola lililonse. Loweruka zonse zitseguke. Ubwino wa malamulo oterewa ndi woti amaikidwa Lamlungu madzulo ndi munthu amene mtima wake uli m'malo, kuti akalamulire munthu yemweyo Lachitatu masana atatopa ndipo ntchito yafika povuta. Gulu nalonso limalemba malamulo ake pachiyambi pa chaka, aliyense asanapanikizike.

Kodi zimathandizadi? Hunt Allcott, Matthew Gentzkow ndi Lena Song anayesa zimenezi pa anthu pafupifupi 2,000 ku America, pa mafoni awo, n'kusindikiza zotsatira mu 2022. Amene anapatsidwa mwayi wodziikira malire pa Facebook, Instagram, YouTube ndi ena otero anachepetsa nthawi yawo ndi mphindi pafupifupi 22 patsiku kwa masabata 12, ndipo malirewo ankadzisankhira okha. Ofufuzawo anawerengera kuti 31 pa 100 ya nthawi imene anthuwo ankathera pa masamba a mchezo inkapita chifukwa cholephera kudziletsa. Mphindi 22 zingaoneke zochepa, koma pa mwezi ndi maola 11, okwanira kuwerenga buku lathunthu la sukulu.

Chida chimene ndimachikonda koposa zonse sichitsekeratu n'komwe. LeechBlock ili ndi njira yoti m'malo mokubwezani, imakuimitsani kaye pakhomo masekondi amene munasankha nokha, wotchi ikuwerenga chotsitsa pamaso panu. Mukapirira mpaka itathe, mulowa. Zikumveka ngati zamasewera, koma zinayesedwa. Mnyamata wina wa ku Germany, Frederik Riedel, anapanga pulogalamu yotchedwa one sec, imene ntchito yake ndi yomweyi: mukatsegula tsamba la mchezo imakudikiritsani kamphindi, n'kukufunsani ngati mukufunadi kulowa. Mu 2023 magazini ya sayansi ya PNAS inasindikiza kafukufuku wa anthu 280 amene anaigwiritsa ntchito masabata 6. Pa maulendo 100 alionse amene munthu anayesa kutsegula, ka 36 anabwerera yekha pakhomo. Kuyesa kwenikweniko nako kunachepa ndi 37 pa 100, ndipo zonse pamodzi, kulowa kunatsika ndi 57 pa 100. Riedel anali mmodzi mwa olemba kafukufukuyu, choncho tiwerenge ziwerengerozi tikudziwa kuti mwini katundu analipo. Komabe chifukwa chake n'chomveka. Nthawi zambiri dzanja ndi limene limatsegula Facebook, mutu usanafunsidwe. Masekondi khumi amapatsa mutu mpata woti ufike, ndipo amabwezeretsa kamphindi kodzifunsa kaja komwe tsamba lopanda pothera linachotsa.

Osunga ndalama anaonapo zofanana. Pascaline Dupas ndi Jonathan Robinson anagwira ntchito ndi magulu a chipereganyu kumadzulo kwa Kenya, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2013. Anthu ena anapatsidwa kabokosi kachitsulo kosungiramo ndalama zogulira zinthu zoteteza thanzi la banja, loko ndi kiyi wake zili m'manja mwawo. Ena anapatsidwa kabokosi komweko, koma kiyi anakhala ndi wogwira ntchito ya kafukufukuyo, woti adzatsegule ndalama zikadzakwana pa cholinga chimene munthuyo ananena. Wina angaganize kuti opanda kiyi ndiwo anapindula koposa. Sizinatero. Amene anali ndi kiyi wawo anawonjezera ndalama zoika pa thanzi ndi 66 pa 100, pomwe opanda kiyi sanafike pamenepo. Munthu amaopa kuponya ndalama pomwe sangathe kuitulutsa mwana akadwala usiku. Kabokosi koyamba kaja sikanali ndende. Kanangoika ndalama patali pang'ono ndi dzanja, n'kuipatsa dzina loti iyi ndi ya chakuti, ndipo kwa ambiri zimenezo zinakwanira.

Phunziro limeneli ndi lalikulu kwa aliyense woyamba kugwiritsa ntchito zida zimenezi. Munthu akakwiya ndi chiwerengero cha m'buku, amatseka zonse tsiku limodzi, Facebook, YouTube, nkhani, mpira, usana ndi usiku. Lachitatu amafuna vidiyo yofotokoza phunziro limene silinamveke m'kalasi, amapeza potseka, n'kuichotseratu extension yonse. Abwerera pomwe anayambira, kuwonjezapo chikhulupiriro choti zida izi n'zachabe. Geza Kovacs ndi anzake ku Stanford University anapanga extension yotchedwa HabitLab kuti aphunzire khalidwe limeneli, ndipo mu 2018 anapeza zinthu ziwiri zolimbana. Chida chikamachita chinthu chimodzimodzi tsiku ndi tsiku, mphamvu yake imachepa chifukwa munthu amazolowera. Chikamasinthasintha machitidwe chimathandiza koposa, koma anthu ochuluka amatopa nacho n'kuchichotsa. Chida chabwino kwa inu ndi chimene chidzakhale chikadalimo mu browser yanu pakatha miyezi itatu.

Maloko atatu nawo ali ndi nthawi yake, ndipo kuti timvetse nthawiyo tiyenera kuona pomwe extension imafookera. Extension imakhala mu browser imodzi. Mukatseka Facebook mu Chrome n'kutsegula Edge, siiona kanthu. Mukatsegula windo la incognito, extension siigwira ntchito pokhapokha mutailola nokha m'masetingi, ndipo ambiri sadziwa zimenezi. Kuichotsa kumene kumangofuna kudina kawiri. Ndi bokosi lomwe kiyi wake ali pakhosi panu. Opanga zidazi amadziwa, n'chifukwa chake anawonjezera zotchinga. StayFocusd itha kukukakamizani kulemba ndime yaitali popanda kuphonya ngakhale chilembo chimodzi musanasinthe malamulo anu. LeechBlock itha kukuonetsani zilembo ndi manambala osakanizika okwana 32, 64 kapena 128 kuti muwakopere kaye. StayFocusd ilinso ndi batani lotchedwa Nuclear Option, limene mukalidina, mawebusaiti amene mwatchula amatsekeka kwa maola amene mwasankha popanda njira yobwezera m'kati mwa extension.

Zolimba kuposa pamenepa si ma extension, koma mapulogalamu oikidwa pa kompyuta penipeni, amene amatseka njira browser iliyonse isanafike pa webusaiti. SelfControl, yaulere ya makompyuta a Mac, mukaitchera wotchi sibwerera m'mbuyo ngakhale mutazimitsa kompyuta kapena kufufuta pulogalamuyo, mpaka nthawi itakwana. Cold Turkey imachita zofanana pa Windows ndi pa Mac. Freedom, imene anayambitsa Fred Stutzman ali wophunzira ku University of North Carolina, ndi yolipira, ndipo imatha kutseka pa kompyuta ndi pa foni nthawi imodzi. Zimenezi n'zoyenera nthawi yaifupi yodziwika bwino: maola atatu a m'mawa sabata ya mayeso, kapena tsiku lomaliza kulemba lipoti loti lipite mawa. Musanadine, chitani zimene gulu lililonse lanzeru limachita popatula thumba ladzidzidzi. Lembani kaye mawebusaiti oti asatsekedwe zivute zitani, monga imelo, webusaiti ya sukulu kapena ya kuntchito, ndi ya banki. Loko wotere samva kudandaula, ndipo sadziwa kuti abwana angotumiza uthenga wofuna yankho pompano.

Njira yoyandikira kwambiri bokosi la gulu ndi yosafuna luso lililonse. LeechBlock ndi Cold Turkey zimalola kuika pasiwedi pa malamulo. Mnzanu ndiye ailembe inu mutayang'ana kumbali. Kuyambira pamenepo, kuti mufewetse lamulo muyenera kupita kwa munthu n'kunena ndi pakamwa panu kuti mukufuna muwonjezere mphindi za TikTok, ndipo zilakolako zambiri zimafera pa manyazi a chiganizo chimenecho. Pano ndichenjeze mwamphamvu. Kiyi aperekedwe kwa munthu amene mwasankha nokha, makamaka mnzanu wa m'kalasi kapena wa kuntchito amene nayenso wakupatsani wake. M'banja mmene muli kale kukayikirana, chida chotere chimasanduka ulonda, ndipo chimene chinayamba ngati thandizo chimabala mkangano. Palibe amene amalowetsedwa m'banki m'khonde mokokedwa.

Sikuti aliyense afunika kutseka. Gloria Mark, pamodzi ndi Mary Czerwinski ndi Shamsi Iqbal a ku Microsoft Research, anatsekera ogwira ntchito za muofesi mawebusaiti osokoneza kwa sabata imodzi. Ambiri ananena kuti maganizo awo anakhazikika pa ntchito kuposa kale, makamaka amene ankavutika kudziletsa. Koma amene anali odziletsa kale anamva ntchito kuwalemera, chifukwa ankagwira nthawi yaitali osapuma. Kwa iwo kusuzumira pa intaneti kunali kupuma, ndipo kutachotsedwa sanaike china m'malo mwake. Ena vuto lawo si webusaiti yonse koma mbali imodzi yokha. Kwa otere kuli ma extension monga News Feed Eradicator, imene imabisa mndandanda wa zolemba za anthu pa Facebook n'kusiya mauthenga ndi magulu, ndi Unhook, imene imachotsa mavidiyo amene YouTube imakusankhirani m'mbali. Mumalowa, n'kutenga chimene munadzera, n'kutuluka. Wamalonda amene sangathe kutseka Facebook angayambire apa.

Pali malo amodzi pomwe nthawi imasiyana kotheratu ndi ndalama. Ndalama imene mwaponya m'bokosi mu Malichi mudzaipeza mu Disembala pa tsiku logawana, itabala ndi chiwongoladzanja. Ola limene LeechBlock yakupulumutsirani lero silisungika. Likapanda kugwira ntchito pakati pa 8 ndi 9 koloko, lapita chimodzimodzi ndi limene likanathera pa YouTube. Munthu amene watseka Facebook koma sakudziwa choti achite amangopeza kwina kothawira, kaya kukonzakonza mafayilo, kaya kuwerenga nkhani za dziko limene sadzapitako. Kawirikawiri chimene chimatithamangitsira ku masamba a mchezo ndi ntchito imene yatikulira kapena imene sitikudziwa poyambira pake. Choncho musanatchere wotchi, lembani papepala chinthu chimodzi chogwirika choti chichitike m'maola amenewo: ndime zitatu zoyamba, mafunso khumi a pepala la mayeso a chaka chatha, ma invoice a mwezi uno. Membala amene amadziwa kuti akusungira matumba awiri a feteleza sajomba kumsonkhano ngati amene akungosunga poti anzake akusunga.

Zonsezi zakamba kwambiri za kompyuta, pomwe ambiri mwa ife intaneti timaipeza pa foni. Chrome ya pa Android siilola ma extension, choncho StayFocusd yomwe mwaika pa laputopu siikutsatirani m'thumba. Firefox ya pa Android imalola, ndipo LeechBlock imapezekamo, koma imangolamulira zimene mwatsegula mu Firefox momwemo, osati app ya Facebook kapena ya TikTok. Pa ma app pali zida zobwera ndi foni. Mu 2018 Apple inaika Screen Time mu iOS 12, ndipo Google inatulutsa Digital Wellbeing pamodzi ndi Android 9. Zonse ziwiri zili ndi buku, losonyeza maola ndi maulendo amene mwatsegula, ndipo zimalola kuika malire pa app iliyonse. Digital Wellbeing itha kuikanso malire pa webusaiti imodziimodzi mu Chrome mukailola kuona mawebusaiti amene mumapitako. Mphindi zikatha, chizindikiro cha app chimachita mbuu mpaka pakati pa usiku, koma mwini foni atha kufufuta malirewo mosavuta. Screen Time ili ndi nambala yachinsinsi ya manambala anayi imene mnzanu angakusungireni. Kutha kwa bandulo nako kumagwira ntchito ngati malire, ngakhale mabandulo otsika mtengo a masamba a mchezo amene Airtel ndi TNM amagulitsa amachititsa kuti Facebook ndi WhatsApp zikhale zapafupi kuposa intaneti yonse. Ndipo ngati mwatseka laputopu koma foni ili pambali pa keyboard, simunatseke kanthu. Isiyeni chipinda china pa maola amenewo.

Chotsala ndi funso limene gulu lililonse limafunsa posankha mlembi ndi msungichuma: kodi munthuyu ndi wokhulupirika? Kuti extension iwerenge nthawi yanu, iyenera kuona mawebusaiti amene mumatsegula, ndipo zambiri zimapempha chilolezo chowerenga ndi kusintha zopezeka pa mawebusaiti onse. Buku lotere limanena zambiri za munthu, matenda amene anafufuza, ngongole imene akuifunafuna, ntchito imene akufunsira mwakachetechete. Pali makampani amene amagula zimenezi. Mu Novembala 2016 wailesi ya NDR ya ku Germany inaulula kuti extension yotchedwa Web of Trust, imene inkalonjeza kuchenjeza anthu za mawebusaiti oopsa, inkagulitsa mbiri ya mawebusaiti amene anthu ake ankapitako, ndipo atolankhaniwo anatha kuzindikira ena mwa anthuwo ndi mayina. Mu Julayi 2018 katswiri wina, Robert Heaton, anasonyeza kuti Stylish, extension yosinthira maonekedwe a mawebusaiti imene inali ndi anthu pafupifupi 2 miliyoni, inkatumiza adiresi ya tsamba lililonse limene munthu watsegula ku kampani ya SimilarWeb, imene inali itaigula chaka cham'mbuyo. Google ndi Mozilla anaichotsa m'masitolo awo. Onani kuti Stylish inayamba yabwinobwino, n'kusintha itagulitsidwa, anthu ake osadziwa.

Choncho tengani extension kuchokera mu sitolo ya browser yanu yokha, Chrome Web Store kapena ya Firefox, osati pa linki imene wina watumiza pa gulu la WhatsApp. Onani amene anaipanga, ndipo werengani pomwe akunena kuti buku lanu limasungidwa kuti. LeechBlock imasunga malamulo ndi ziwerengero mu browser yanu momwemo, siifuna akaunti, ndipo malemba a pulogalamu yake ali poyera kuti aliyense wodziwa awaunike. RescueTime imatumiza ziwerengero ku makompyuta a kampani yake kuti ikukonzereni lipoti, ndipo imanena zimenezi poyera, choncho mulowe mukudziwa. Ngati kompyuta ndi ya kuntchito, funsani kaye oyang'anira makompyuta musanaikemo kalikonse. Extension imene mwasiya kuigwiritsa ntchito musaisiye ili chigonere mu browser, chifukwa chilolezo chija imakhala ikadali nacho. Ichotseni tsiku lomwelo.